Mipeni ya a Kamtedza

Panali munthu wina, mphunzitsi wa kupulaimale, amene ankakonda kusula mipeni. Dzina lawo anali a Kamtedza. Sankagulitsa, sankadyera momwemo. Loweruka likafika ankayatsa makala kuseri kwa nyumba, n'kutenga sipuling'i yakutha ya galimoto, n'kumaimenya ndi hamala pa chidutswa cha njanji mpaka dzuwa kupendeka. Chitsulo chikafiira kuti psuu ankachiviika m'ndowa ya madzi ozizira, kenako n'kuchinola. Zogwirira ankasema za mlombwa, n'kuzipaka mafuta mpaka kuwala. Palibe amene anawaphunzitsa. Anangoyesayesa okha, ndipo zimenezi ankazinyadira.

Mpeni ukatha ankaupereka kwa mnzawo kapena m'bale, n'kufunsa kuti, "Mukuuona bwanji? Mundiuze zoona." Aliyense ankautembenuza uku ndi uku, n'kuuyesa pa cheya cha pamkono, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, luso muli nalo. Wa m'sitolo sungafike apa." Akakumananso patapita miyezi n'kufunsa ngati ukugwirabe ntchito, yankho linali limodzi: "Kwabasi!" A Kamtedza ankabwerera kunyumba mtima uli myaa.

Tsiku lina anasula mpeni woposa yonse. Anaukulunga m'nsalu n'kupita nawo kumsika kwa Che Jafali, bambo wachikulire amene anakhala zaka makumi atatu akupha ng'ombe ndi kugulitsa nyama. Ankalakalaka kumva munthu wogwira mipeni tsiku lililonse akuwayamikira.

Che Jafali sanayang'ane n'komwe chogwirira chija. Anagogoda chitsulocho ndi chikhadabo n'kutchera khutu. Kenako anabaya nsonga yake pa chipika chodulirapo nyama, n'kupotokola pang'ono. Kansonga kanabenthuka.

"Aphunzitsi, ndi wokongola, ndipo kuthwa ndi wakuthwadi," anatero Che Jafali. "Koma wauma mopitirira, uli ngati galasi. Tsiku limene munthu adzaudalire, udzathyoka. Mukauviika m'madzi, kenako mumatani?"

"Ndimanola."

"Basi? Ndiye pali china chimene mukudumpha. Dikirani ogulawa achepe, ndikuonetseni."

Amayi awiri amene ankadikira nyama anaseka. Mmodzi anali kholo la mwana wa m'kalasi mwa aphunzitsiwo. A Kamtedza anatsomphola mpeni uja n'kunena kuti, "Anthu khumi ndi awiri ali ndi mipeni yanga, palibe amene anadandaulapo. Inu mwathyola dala." Anachoka osatsanzika. Kuyambira tsiku limenelo nyama ankakagula kwina, ndipo akadutsa pamsikapo ankayang'ana kumbali.

Nsonga ija anaikonza ndi tupa. Mpeniwo anaupereka kwa alamu awo, a Msosa, amene anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Ngolo imeneyo ndiyo inkadyetsa banja lonse: njerwa, mchenga, chimanga cha anthu, zonse inkanyamula. A Msosa anathokoza kwambiri, n'kuumangirira m'chiuno.

Mvula itafika pachimake, m'mawa wina a Msosa anatulukira kwa a Kamtedza wapansi, zovala zili matope okhaokha. Sanadikire mpando. Anaika chogwirira cha mlombwa patebulo, chitsulo chake palibe.

Anafotokoza pang'onopang'ono. Dzulo lake masana ankawoloka mtsinje atanyamula feteleza. Ali pakatikati madzi anabwera ndi mphamvu kuchokera kumtunda, ngolo n'kugubuduzika. Ng'ombe zinakodwa m'goli, mitu ikumira ndi kuyandama. Iwo analumphira m'madzimo, n'kusolola mpeni, n'kuulowetsa pakati pa goli ndi chingwe cha m'khosi. Atangokanikiza, mpeni unathyoka. Anayesa kumasula mfundo ndi zala, anayesa ndi mano, osatheka. Ng'ombe zonse ziwiri zinafa iwo akuona.

A Kamtedza anati, "Mwina munali mng'alu umene sindinauone. Ina yonseyi sinachitepo zimenezi."

A Msosa anawerama. "Alamu, uwu ndi wachiwiri. Umene munandipatsa poyamba paja unathyokera pa fupa la mbuzi chaka chatha. Ndinaona mmene munkasangalalira, ndiye sindinafune kukukhumudwitsani. Ndinkati watsopanowu mwina uli bwinoko."

Tsiku lomwelo a Kamtedza anakwera njinga n'kuyendera nyumba zonse kumene anapereka mipeni. Paliponse ankapempha chinthu chimodzi: "Tandionetseni." Ena anayamba kunena kuti unabwerekedwa, koma ataumirira anautulutsa. Wina unali pansi pa bedi, wodukira pakati. Wina unali m'chitini cha misomali, wobenthukabenthuka. Mayi wina anawaonetsa chipsera cha pachikhatho, n'kupepesa ngati wolakwa ndi iyeyo. Pa mipeni khumi ndi iwiri, yathunthu inali itatu yokha, ndipo itatuyo eni ake anali asanadulirepo kanthu.

Anaisonkhanitsa yonse m'thumba n'kulunjika kumsika. Anaima kutali nthawi yaitali, mpaka Che Jafali anawaona n'kuwakodola. A Kamtedza anakhuthula zidutswa zija pa chipika n'kufotokoza za ng'ombe.

Che Jafali sanawanyoze. Anapempha mbaula kwa mayi wowotcha chimanga pafupi pomwepo, n'kutenga chidutswa chimodzi, n'kuchipala kuti chiyere. Anachiika pamwamba pa makala ofatsa, osachikwirira. Anadikira mpaka chinasintha mtundu, kukhala ngati udzu wouma, n'kuchichotsa kuti chizizire. Atachibaya pa chipika n'kupotokola, chinapindika pang'ono n'kubwerera. Sichinathyoke.

"Ndi zimenezi basi," anatero Che Jafali. "Tsiku lija tikanamaliza chimanga cha mayiwa chisanapse."

A Kamtedza anabwerera kwawo akukankha njinga. Pambuyo pake anasulanso mipeni, ndipo inali yabwino, yolimba, yosathyoka. Koma mbiri ya ng'ombe zija inali itafika paliponse. Akapereka mpeni, munthu ankathokoza mwaulemu n'kunena kuti ali nawo kale wina. Mipeniyo inangodzaza m'bokosi. Ndipo masana aliwonse, pochokera kusukulu, ankakumana ndi alamu awo atasenza thumba la mchenga pamutu, ngolo ikuchita dzimbiri pansi pa mtengo wa mango.

Inu amene mukundimvetsera, aliyense wa inu ali ndi chimene amapanga ndi manja ake n'kuchikonda. Mukamafunsa kuti "Mukuchiona bwanji?" dzifunseni kaye ngati mukufuna kumva zoona, kapena mukungopempha kuti akusangalatseni. Munthu amene wakuuzani cholakwika pamaso panu musamuthawe. Khalani pansi mumve mpaka amalize. Nanunso amene mumayamikira pakamwa, chothyoka mutabisa pansi pa bedi, musadzitche achifundo. A Msosa ankawakonda alamu awo, ndipo anakhala chete chaka chathunthu kuti asawapweteke mtima. Kukhala chete kumeneko kunadya ng'ombe ziwiri.