Nkhwali Asinja Nthenga Yobwereka

Nkhwali ndi Bakha ankakhala moyandikana m'mbali mwa dambo. Nkhwali anali wokonda kutchena, ndipo ukwati wake utayandikira anayamba kunyansidwa ndi nthenga zake zotuwa. Bakha, mayi wamasiye wofatsa, ankasunga nthenga imodzi ya paphiko la malemu mwamuna wake. China chomukumbukira nacho analibe.

"Mundibwerekeko, achemwali, ndikatchenere tsiku limodzi lokha," anachonderera Nkhwali.

Bakha anaitulutsira padzuwa. Abale inu, kukongola kwake! Inali yobiriwira ngati msipu, koma ataipendeketsa pang'ono inasanduka yabuluu, ataiika pamthunzi n'kungoda bii. Anaidonthezera madzi, dontho n'kugubuduka osainyowetsa.

Poilandira, Nkhwali anaing'amba ndi chikhadabo. "Mayo ine, ndaononga!"

Bakha anangoidutsitsa m'mlomo mwake, nthenga n'kulumikizana ngati sinang'ambikepo. "Tayang'anitsitsani," anatero. "Ndi timaulusi tambirimbiri, ndipo kalikonse kali ndi tingowe tokolana ndi kanzake. Ikang'ambika musade nkhawa, ndidzasoka."

Nkhwali anangoti kukamwa yasaa. Koma pofika kwawo, kuzizwa kuja kunali kutasanduka dyera. "Nthenga imodzi ikwanira pati?" anadzifunsa. "Utoto uli m'katimu ungandikwane thupi lonse."

Anaiponya mumtondo, naisinja, nathira timadzi kuti adzole. Atasuzumira anapeza phala lotuwa, lotuwa kuposa nthenga zake zomwe. Wosauka Nkhwali, sanadziwe kuti munalibe utoto m'nthenga muja. Kunyezimira konse kunali kuwala kwa dzuwa kosewera pa kalukidwe ka timaulusi tija, ndipo kalukidweko n'komwe munsi unaphwanya.

Anayanika phalalo, nakulunga fumbi lake m'tsamba, napita nalo kwa Bakha. Bakha anafunyulula tsambalo, naliyang'ana nthawi yaitali, misozi ili mbwembwembwe.

"Chong'ambika ndimasoka, achemwali," anatero motsitsa mawu. "Nanga fumbi ndiyambira pati?"

Kamphepo kanadutsa, n'kuulutsira fumbi lija m'dambo. Nkhwali anakwatiwa ndi nthenga zake zotuwa zomwezo, ndipo Bakha ku ukwatiko sanapondeko. Mpaka lero nkhwali ikamva mapazi imathawira m'udzu ndi manyazi.

Phunziro: Chinthu chikakuzizwitsa, chiyang'ane ndi ulemu. Kukongola kwina kumakhala m'kalukidwe, ndipo wophwasula chinthucho kuti atenge kukongolako amatsala ndi fumbi.