Dzina Loyamba pa Mndandanda wa Makochi

Mumzinda wina munali mphunzitsi wa mpira wa basiketibolo. Ankaphunzitsa timu ya atsikana, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inkamudyetsa. Sanali munthu woipa. Ankadziwa kwawo kwa wosewera aliyense, ndipo makolo ambiri anali ndi nambala yake.

Chaka chilichonse ligi ikatha, atolankhani a zamasewera ankakhala pansi n'kusanja makochi onse, kuyambira woyamba mpaka wakhumi. Mndandandawo unkawerengedwa pa wailesi, ndipo woyamba ndiye ankapatsidwa timu ya dziko. Munthu wathuyu anakhala wachiwiri zaka zitatu zotsatizana. Uchiwiriwo unkamudya m'kati ngati nankafumbwe m'chimanga. Imvi zinali zitayamba, ndipo ankadziwa kuti chaka chino chikamudutsa, mwayi wina sudzabweranso.

Anali ndi lamulo lake. Masewera asanayambe, wosewera aliyense ankathimitsa foni n'kuiponya m'thumba la nsalu, kuti mtima ukhale pa mpira. Foni yoyaka inkakhala imodzi yokha, ya iye mwini.

Linafika Loweruka la masewera otsiriza, olimbirana chikho. Thumba linazungulira monga mwa nthawi zonse. Womaliza kuponyamo anali Mwandida, mtsikana wamtali amene ankaponya mipira yambiri mu basiketi kuposa anzake onse.

"A kochi, musawerengetu mauthenga a chibwenzi changa," iye anatero.

"Chibwenzi chake chiti, iwe wotalika ngati mlongoti?" mnzake anamuyankha, ndipo onse anaseka.

Pofika nthawi yopuma, pakati pa masewera, timu yawo inali kumbuyo ndi mapointi anayi. Ndi pamene foni ya mphunzitsi inalira. Anali azakhali a Mwandida, akuimba kuchokera kuchipatala.

"Aphunzitsi, foni ya mwanayo sikupezeka. Bambo ake zawavuta kuno. Akumuitana. Muuzeni abwere tsopano lino."

"Ndamva, mayi," iye anayankha.

Anayang'ana Mwandida ali pa benchi, akumwa madzi. Anayang'ana bolodi la mapointi. Popanda mtsikanayu chikho chapita, ndipo dzina loyamba lapita nacho. Anadziuza kuti, "Kwatsala mphindi makumi awiri zokha. Kuchipatala si kutali. Zikangotha ndimutengera pa galimoto ndekha." Anabweza foni m'thumba la buluku, nayamba kulangiza osewera.

Koma wotchi ya basiketibolo si wotchi ya pakhoma. Woyimbira mpira akaliza wezulo, imaima. Mpira ukatuluka m'bwalo, imaima. Wina akagwetsedwa, imaimanso. Mphunzitsiyu ankadziwa zimenezi kuposa aliyense m'bwalomo, pakuti anakhala nazo zaka makumi awiri. Tsiku limenelo anasankha kuziiwala.

Foni inanjenjemera pa ntchafu pake. Sanaigwire. Inanjenjemeranso. Kawiri konse anaimitsa masewera kuti alankhule ndi osewera, ndipo kawiri konse Mwandida anaima patsogolo pake, thukuta lili kamukamu, akumuyang'ana m'maso kudikira mawu. Iye anangomuuza mbali yoti adzere ndi mpira.

Wezulo yomaliza inalira matimu ali ofanana mapointi. Anawonjezera mphindi zisanu. Mphindi zimenezonso zinali zoimaima.

Anapambana ndi mapointi awiri, ndipo amene anaponya mpira womaliza anali Mwandida. Anthu akuvina m'bwalo, mphunzitsi anamukokera pambali n'kumuuza kuti bambo ake akumufuna kuchipatala. Kuchokera pamene azakhali anaimba panali patapita ola lathunthu ndi mphindi zingapo. Anamukweza m'galimoto, naithamangitsa. Atafika pakhomo la wodi, anamva kulira kwa amayi.

Maliro anaikidwa Lolemba. Mphunzitsi anapita, nakhala kumbali ya amuna, mutu uli pansi. Anthu akubalalika, Mwandida anabwera, atavala chitenje, nagwada chapatali pang'ono monga achitira mwana kwa wamkulu. Sanakweze mawu.

"A kochi, uthenga uja unakupezani nthawi yanji?"

Mphunzitsi akanatha kunama, koma azakhali aja anali chapomwepo. Ndipo ngakhale akanakhala kuti palibe, bodza linali litamuthera.

"Nthawi yopuma," iye anatero.

Mtsikanayo anati, "Zikomo, a kochi," nadzuka n'kubwerera kwa amayi ake.

Sabata yomweyo wailesi inawerenga mndandanda. Dzina lake linali loyamba. Anzake anaimba foni kumuyamikira, ndipo iye anawayankha onse mwaulemu.

Abale ndi alongo, munthu uyu sanakane kuchita chabwino. Anangochiika pamzere, kumbuyo kwa dzina lake. Ambiri a ife timachimwa motero. Sitinena kuti "ayi" kwa Mulungu, timanena kuti "ndimalize kaye ichi." Pali wodwala amene mwakhala mukuti mukamuona. Pali m'bale amene mwakhala mukuti mukamupepesa. Mukuwerenga nthawi ndi wotchi yanu, imene imaima mukafuna kuti iime. Ya moyo wa mnzanuyo siima.

Anthu adzatisanja monga afunira, wina woyamba, wina wakhumi. Mulungu sadzafunsa za mndandanda umenewo. Adzatifunsa za anthu amene anawaika m'manja mwathu, ndipo funso lake lidzakhala lofatsa ngati la mtsikana uja: uthenga unakupeza nthawi yanji?