Khomo la Nyale Zitatu

Panali munthu wina, dzina lake Nasibeko, katswiri wolemba mapulogalamu a kompyuta, amene anachita chinthu chozizwitsa anzake. Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu anaibweza yekha, pa tsiku lomwe inavomerezedwa. Chinamuchititsa n'chiyani? Tcherani khutu.

M'kati mwa kompyuta muli pulogalamu yaikulu yotchedwa kenelo. Ndiyo imene imalamula zitsulo za makinawo. Mapulogalamu ena onse akafuna kanthu, ngakhale kuyatsa kanyale ka pansi pa batani, amagogoda pa khomo la kenelo. Ndipo osunga kenelo ali ndi lamulo loopsa: khomo likatsegulidwa silitsekedwanso ndipo silisinthidwa, pakuti anthu osadziwika amakhala atamanga kale mapulogalamu awo modalira khomolo.

Nasibeko anali ndi laputopu imene kiibodi yake inkawala m'zigawo zitatu: kumanzere, pakati ndi kumanja. Anaikonzera khomo lolandira malamulo atatu, lililonse la chigawo chake, ndipo zinkayenda bwino lomwe. Mkulu woyang'anira mbali imeneyo ya kenelo, amene anali asanakumanepo naye, anamulembera imelo yaifupi: "Ndakhutira. Mawa ndilowetsa khomo lako m'kenelo."

Masana a tsikulo Nasibeko anapita ku Limbe kukasinthitsa batire la laputopu yake kwa a Mkwapatira, okonza malaputopu. Chimwemwe chinamukanika kubisa.

"A Mkwapatira, taonani kuno. Kumanzere kufiire!" Anadina, ndipo kunafiiradi.

"Zaluso, achemwali," anatero a Mkwapatira. "Tayesani pa laputopu iyi ya abusa."

Ya abusa inali ndi nyale imodzi yokha ya kiibodi yonse. A Mkwapatira anatsitsa ina pa shelefu n'kuiyatsa. Batani lililonse linawala palokha, lina lobiriwira, lina lachikasu, kuwalako kukuyenda ngati mphepo m'munda wa mpunga. Nasibeko anawerenga ndi chala: nyale zana limodzi ndi zinayi.

"Nanga apa kumanzere kukuthera pati?" anafunsa a Mkwapatira uku akuseka. "Mwasoka malaya poyeza mwana wanu yekha, ndiye mukufuna mtundu wonse uvale?"

Nasibeko sanaseke. Anakweza maso. Pa mashelefu panali malaputopu oposa makumi anayi, ndipo imeneyo inali shopu imodzi, mumsewu umodzi, m'tauni imodzi. Anaganizira makina osawerengeka a m'maiko amene sadzapondako, ndi ena amene anali asanapangidwe n'komwe, onse akudzagogoda pa khomo lake lodziwa kuwerenga mpaka katatu basi. Ndipo kuyambira mawa, palibe akanalikonzanso, ngakhale iye mwini. 

Pomwepo, batire lisanalowe n'komwe, analembera mkulu wa kenelo uja pa foni: "Musalowetse. Ndinayeza dziko lonse ndi laputopu yanga."

Anzake anati wapenga. Anamukumbutsa kuti dzina lake likanalowa m'kenelo mawa lomwelo, ulemu umene ambiri amaufuna mpaka kukalamba. Iye anangoyambanso. Khomo latsopano silinayambe ndi lamulo, linayamba ndi funso. Pulogalamu ifunse kaye kuti, "Uli ndi nyale zingati, ndipo zili pati?" Makina ayankhe okha, kenako malamulo atsatire. Panapita chaka chathunthu lisanavomerezedwe.

Patatha zaka zitatu, a Mkwapatira anamuimbira foni. Kunabwera laputopu yachilendo, yokhala ndi nyale ngakhale m'mphepete mwake.

"Achemwali, yayankha! Yati nyale zana limodzi ndi makumi anayi, ndipo zonse zayaka. Mumaidziwa kodi?"

"Sindinaionepo chibadwire," anayankha Nasibeko.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, tsiku lina mudzakonza khomo limene ena adzadutsapo inu kulibe. Chimene chili pa tebulo panu chidzakunyengani kuti ndicho dziko lonse. Musanapereke ntchito yanu, pitani mukaone shelefu ya munthu wina. Yankho la funso lathu lija ndi ili: Nasibeko anabweza ntchito yake chifukwa khomo losasinthika siliyezedwa ndi makina amodzi, liyenera kufunsa makina alionse kuti anene okha mmene alili.