Mchere wa Mayi Wozizira

"Masana ine sindiuluka."

"Lero uuluka."

"Anthu andiona. Ndege za mtundu wanga zimanyamuka mudzi utagona, wokwera atavula."

"Ndili ndi zaka makumi asanu, ndipo sindingavulire lichero. Dzuka!"

Uyu anali Esinati, akukangana ndi lichero limene azakhali ake anamusiyira pomwalira. Chilitengereni ankangopetera mpunga, likamang'ung'udza iye osalabadira. Kwawo anali mzime, uja amamukumbukira nyama itatha kale m'mbale. Mwamuna wake atathawa ndi mtsikana wa kusaluni, Esinati anabwerera kwa mkulu wake Dorika, natsegula limodzi kanyumba kogulitsiramo tiyi. Zinthu zinayamba kukoma, mpaka tsiku limene Dorika anakazula bowa kuseri kwa phiri la Mwalawoyera, kumene ndi mwana yemwe amadziwa kuti sikupondedwa. Anthu anangotolako patapata mmodzi, pambali pa phazi lalikulu ngati chitseko.

Amuna a m'mudzi anachita msonkhano wosankha tsiku la msonkhano wina. Esinati anamanga chitenje, nakhala m'lichero.

Anadutsa pamwamba pa madimba dzuwa litangokwera, lichero likufotokoza monyinyirika.

"Ndi chimphona cha mitu itatu. Chinakhwima: nkhwangwa imabwerera, mkondo umapindika. Chimaopa mdulo basi, nthenda ija yobwera ukadya mchere wothiridwa ndi mayi wotentha. N'chifukwa chake chimaba amayi ozizira okhaokha, amene anasiya kupita kumwezi ndipo alibe mwamuna, kuti azichithirira mchere m'ndiwo. Chikatopa nawo chimawasandutsa miphika."

M'phanga la chimphonacho Esinati anapeza miphika khumi itandandalika kukhoma, uliwonse utavala duku. Dorika anali pamafuwa akutakasa nyemba, miyendo yake itasanduka kale dothi mpaka m'mawondo.

"Iwe Esi, wabwera kudzatani? Nanga tiyi wamusiyira ndani?"

"Khalani chete, achemwali."

Pansi panagwedezeka, chimphona chinalowa chowerama. Mutu wakumanzere unali wofunsa, wapakati wonunkhiza bodza, wakumanja wongodya.

"Chilape!" unabangula wakumanzere. "Ukalephera, ukhala mphika wa matemba."

"Nachize, abambo."

"Mlendo wanga akabwera palibe womutchula. Akajomba, nyumba yonse imamufunsa."

"Mchere," anatero Esinati. "Ndipo pa mcherepo, achemwali angawa dzanja lawo ndi lolemera. Ndithire ine. Zikakukomerani, muwasiye azipita."

Mitu inayang'anana. Wakumanja unameza malovu.

"Ndiwe wotentha kapena wozizira?" unafunsa wakumanzere.

"Kumwezi ndinasiya zaka ziwiri zapitazo. Mwamuna ali kusaluni, akumupesa ndevu. Pamwambo wathu ndine wozizira ngati madzi a mumtsuko."

Mutu wapakati unamununkhiza kuyambira kuduku mpaka kuchidendene. "Palibe bodza," unatero.

Esinati anatapa mchere, naima pambali pa mphika. Sananame. Koma panali chinthu chimene chimphona, pokhala chachimuna mitu yonse itatu, sichinafunsepo mayi aliyense: moto uja wa amayi a msinkhu wake, wobuka pachifuwa popanda odi. Unkamupeza m'tchalitchi, pamaliro, m'minibasi atapanikizika pakati pa matumba. Lero, pamene ankaufuna, unali zii.

"Ukudikira chiyani?" unakalipa wakumanzere.

"Nyemba zifewe, abambo."

Dothi linakwera, linafika m'chiuno mwa Dorika. Esinati anafinya mcherewo m'dzanja, nayesa kukumbukira minibasi. Thupi lake linangoti ziziziri ngati m'mawa wa mu Juni.

Dorika anamuyang'ana mng'ono wakeyo, nayang'ana dzanja lofumbata lija. Anagona chipinda chimodzi chaka chathunthu, ndipo ankadziwa amene ankatsegula zenera ena akunjenjemera.

"Esi," anatero mofatsa, "paja sindinakuuze. Wakusaluni uja ndinamuona pamsika Loweruka. Anavala chitenje chako cha pachinkhoswe."

"Chobiriwira chija?"

"Anachidula, anasoketsa kasiketi."

Moto unabuka. Unayambira pachifuwa, unakwera khosi, unatulukira m'makutu. Thukuta linali kamukamu, duku likufuka nthunzi. Esinati anatambasula zala, mchere unagwera mu nyemba uli psuu!

Mutu wakumanja sunadikire mbale. Unakweza mphika wonse n'kugugudiza.

Kunayamba kutsokomola. Wakumanja unatsokomola, wapakati unalandira, wakumanzere unatsiriza. Mapazi anatupa ngati mitondo, masaya ngati maungu.

"Wandidula!" chinalira chimphona. "Unati ndiwe wozizira!"

"Mwambo ndi umene umatero," anayankha Esinati, akudzipukuta kumaso. "Thupi langali sanaliuze."

Mitu inaphulika umodziumodzi ngati mapapaya akupsa ogwa mumtengo, ndipo thunthu lonse linagwa, phiri n'kuyankha. Dothi la pa Dorika linayoyoka. Kukhoma kuja miphika inang'aluka, munatuluka amayi khumi akuwongola misana, wina akufunsa ngati mbuzi zake anazitsekera.

Lichero linakana kunyamula anthu khumi ndi awiri, choncho anatsika phiri wapansi, Esinati patsogolo. Mudzi unawachingamira ndi nthungululu. Amene m'mawa ankaloza kumwamba n'kumati "mfiti iyo!" tsopano ankati "amayi athu." Amuna anathetsa msonkhano wawo, napha mbuzi ziwiri, namuyalira Esinati mkeka watsopano pamthunzi.

Koma Esinati sanazolowere kukhala ena akugwira ntchito. Anadzuka, napita kumafuwa kumene nyama inkabwata, nalawa msuzi. Dzuwa linali likuswa mtengo, iye akudzikupiza ndi lichero, thukuta likutsika m'khosi. Anatapa mchere wodzaza dzanja. Ng'oma inaleka. Amuna onse anaima, mbale zili m'manja.

"Nyamayi ilibe mchere," anatero Esinati. "Ndithire?"