Sakhwi Alowa Mpikisano wa Kusambira

Chaka chija mvula inachedwa, njala inamusowetsa Sakhwi pokhala. Ankangothamanga uku ndi uku, kamphuno kake katali kakufwenkha m'masamba ouma, koma ngakhale chiswe osachipeza. Ndiye anamva kuti padziwe la Nkhadze pali mpikisano wa kusambira, ndipo wopambana atenga lichero la ngumbi zokazinga.

Sakhwi madzi ankawadziwira pakumwa basi. Komabe anakalembetsa.

Woyimbira mpikisano anali a Kakowa, wezulo ili m'khosi, nkhope yosadziwa kuseka. "Wophwanya lamulo atuluka, kaya ndi wamkulu bwanji," anatero.

Pagombe panandanda anayi: Ng'ona, Mvuu, Katumbu, ndi Sakhwi kumapeto. A Kakowa akuti azikweza wezulo, Sakhwi anabisala kuseri kwa mwendo wa Mvuu n'kuimba kalikhweru: pyee! Ng'ona uyo m'madzi, khuvuu!

"A Ng'ona, mwanyamuka wezulo isanalire. Tulukani!"

"Komatu yalira, bwana!"

"Yalira bwanji ndisanaiike pakamwa?"

Ng'ona anatuluka akukukuta mano.

Pondanda kachiwiri, Sakhwi anasendera kwa a Kakowa n'kunong'ona: "Bwana, ine si wamiseche, koma mayi Mvuwa muziwayang'ana kumapazi."

Wezulo yeniyeni inalira. Mvuu ndi Katumbu analowa, Sakhwi anangoviika kachala n'kukabweza. Posakhalitsa, kumbuyo kwa Mvuu madzi anayamba kuda ndi matope.

"Mayi Mvuu, mukusambira kapena mukuyenda pansi? Tulukani!"

"Ife kwathu timasambira chonchi!" anadandaula Mvuu.

"Kasambireni kwanu komweko."

Anatsala Katumbu, amene ankang'amba madzi ngati muvi, tsidya lili pafupi. Sakhwi anathamangira kumtunda, anabwerera kumunsi, kenaka anakwera pamwala n'kukuwa: "Kalanga ine! Mlamba wonenepa chonchi ukulowa m'bango, palibe wougwira?"

Katumbu dyera linamukulira. Anakhota, n'kumira cha kubango, n'kuvuuka kukamwa kuli mbee.

"A Katumbu, mwasiya mzere wanu. Tulukani!"

Sakhwi anali atafika kale palichero, malovu ali chuchuchu. "Bwana, ndatsala ndekha. Ndinyamule?"

A Kakowa anaponda lichero ndi mwendo wawo wautali. "Wopambana ndi amene wakhudza tsidya lija. Sambirani, achimwene."

"Koma opikisana nawo palibe!"

"Ndiye palibenso chokuthamangitsani. Tikudikirani."

Sakhwi anacheuka kuti aone pothawira, n'kupeza atatu aja amuimira kumbuyo, Ng'ona atayasama. Anayang'ana mano, anayang'ana madzi, anasankha madzi. Chubwi!

Anapalasa kamodzi, anamwa. Anapalasanso, anamwanso. Pamwamba panangotsala kamphuno kakugwedera ngati kaudzu. "Mayo! Mayi Mvuu, ndine mwana wanu!"

Mvuu anausa moyo, analowa, anamunyamula ndi mphuno n'kumuponya pamchenga pomwe anachokera.

Pyee! "A Sakhwi, mwanyamulidwa. Tulukani!"

"Ndatuluka kale, bwana," anatero Sakhwi akutsokomola.

A Kakowa anayang'ana onse anayi mmodzimmodzi. "Wopambana palibe. Koma ngumbi zikagona zimawawa." Anavula wezulo, anawerama, n'kuyamba kujompha, imodziimodzi, osafulumira, mpaka lichero linayera.

Tisaname, Sakhwi tsiku limenelo anabwerera kwawo mimba ili ndendende. Kungoti akamayenda, inkalira kuti khutchukhutchu.