Maluwa a Malemu ndi Galu wa Nkhalamba

Panali mayi wina amene, mayi ake atamwalira, sanatengeko mbale, chitenje kapena mbuzi. Abale anagawana zonse. Iye anangokumba pakhonde pa malemuwo mizu yochepa ya maluwa ofiira, ija yonga anyezi, n'kukaibzala kuseri kwa nyumba yake. Pofuna kuti ikule bwino, anathira fumbi la usipa m'mayenje ngati manyowa, n'kukwirira.

Kutacha anapeza dzenje limodzi lafukulidwa, muzu uli pamtunda, wokandikakandika. Anaubwezera. Mawa lake, chimodzimodzi. Mizu ina inayamba kuwola, ina inauma ndi dzuwa. Mayi uja mtima unali m'mwamba, chakudya osatsika. Akangomva tswa kuseriko, ankasiya mbale m'madzi n'kuthamangirako. Mumtima ankangoti, "Ikatha imeneyi, cha amayi nditsala nacho n'chiyani?"

Wofukulayo anamuona ndi maso ake. Anali galu woonda dzina lake Ndatsala, wa nkhalamba ina yapafupi. Anamugenda, anamuthira madzi, anamukalipira mpaka mawu kusasa. Koma galu ndi galu, abale anga, za maliro a eni sazidziwa.

Itatsala mizu iwiri yokha, mantha aja anasanduka mkwiyo. Mayiyo anagula mankhwala a makoswe pamsika, nawapaka pa kachidutswa ka nyama, n'kukasiya pambali pa maluwawo. Ndiye anasenza thumba la chimanga, ulendo wa kuchigayo, kuti zochitikazo asazione.

Panjira anakumana ndi nkhalamba ija ili yokha, ikufufuza njira ndi ndodo. Maso ake anali atachita ng'ala kalekale.

"Ndani ameneyo? Anangondo?" inafunsa nkhalambayo itamva mapazi. "Mwamuonako Ndatsala? Wandisiya panjira, wathamangira cha kwanuko. Popanda iye ine ndimagwera m'ngalande, mwana wanga. Maso anga ndi yemweyo."

Mayi uja thupi lonse linachita zii. Thumba linagwa, chimanga chili mbwee pamsewu, iye liwiro kubwerera kunyumba, dzanja limodzi litagwira chitenje. "Mayo ine, ndapha munthu!" Njira imene ankayenda tsiku ndi tsiku inamutalikira.

Atafika kuseri anapeza galu ali pomwepo, mphuno ili m'dothi, akufukula. Nyama ija inali kumbuyo kwake, yosakhudzidwa. Nthawi yomweyo galuyo anadzutsa mutu, nanunkhiza, natembenuka. Mayiyo anadzigwetsa pansi n'kuiphimba nyamayo ndi manja onse awiri, mphuno ya galu ili pa zala zake. Anakaiponya m'chimbudzi pamodzi ndi mankhwala otsala, nasamba m'manja ndi sopo.

Kenaka anagwada pa dzenje lija kuti abwezere muzu. Fungo linamulandira: usipa!

"Ha! Kani ndinamuitana ndekha," anatero.

Anachotsa dothi lonse lonunkhalo, nathira lina. Anabzalanso mizu iwiri ija mozamirapo. Pamwamba anayala waya wotsala wa khola la nkhuku, n'kutsendereza m'mbali ndi miyala. Galu anabwera, anakanda kamodzi, zikhadabo zinangolira pa waya, ndipo anazisiya. Mayiyo anamutenga n'kukamupereka kwa mwini wake, amene anali chiimire pamene panatayika chimanga paja, akuitana dzina la galu wake.

Mvula itagwa, timasamba tinatulukira m'maso mwa waya. Muzu umodzi unafa. Unzake unachita duwa lofiira, ndipo nkhalamba ija inkadutsa pomwepo popita kutchalitchi, Ndatsala ali patsogolo.

Tsono inu mwakhala apa, aliyense ali ndi kake kamene akuopa kutaya. Wina ndi banja, wina ndi mwana, wina ndi dzina labwino. Kuopa si tchimo. Koma mantha akakula amakutuma kumsika kukagula zakupha, ndipo sakuuza kuti chimene ukufuna kuphacho pali wina amene amayendera chomwecho. Musanatukwane, musanamenye, musanathamangitse munthu pakhomo, yambani mwagwada pa dzenje lanu, mununkhize chimene munakwiriramo nokha. Chanu chitchingeni, koma cha mnzanu musachiphe. Mayi uja anapeza nyama idakali pansi. Si onse amene amabwerera n'kuipeza.