Mahedifoni Ofiira a Mayi Telala

Mu shopu ya Mayi Telala munali makina awiri osokera, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi kawailesi kakale kamene kankakhala pa shelefu pakati pa mipukutu ya ulusi. Mayiyu ankasoka akuyimba. Phazi likamaponda makina, pakamwa pankatuluka nyimbo zopeka yekha, moti amayi obwera kudzayezetsa madiresi ankachedwa dala kuti amve mathero ake.

Koma mumtima anali ndi chilonda chosapola. Zaka zitatu m'mbuyomo anapita ndi nyimbo yake ina ku situdiyo, mwini situdiyo n'kumuuza kuti abwerenso mwezi wamawa. Mwezi usanathe anaimva nyimbo ija pa wailesi, ikuyimbidwa ndi mtsikana amene sankamudziwa n'komwe. Kuchokera tsiku limenelo mtima wake unamera minga. Munthu akati, "Mumayimba bwino," iye ankayang'ana m'manja mwa munthuyo kuti aone ngati muli foni yojambulira.

Tsiku lina kunamveka kuti mkulu wa pulogalamu ya oyimba atsopano pa wailesi adzakhala mu holo ya pafupi ndi msika, kumvetsera nyimbo za aliyense wofuna. Ankabwera kamodzi pachaka, ndipo munthu ankaloledwa nyimbo imodzi yokha. Kunali kutatsala miyezi itatu. Mayi Telala anamanga mfundo: agula laputopu ndi zida zake, akonze nyimbo yekha, popanda khutu la munthu wina.

Chovuta chinali choti za makompyuta ankangozidziwa pamwambamwamba. Mng'ono wake ndiye anamukumbutsa kuti mlamu wake, mwamuna wa mng'onoyo, amagwira ntchito yolumikiza zokuzira mawu m'maholo. Bamboyu anthu ankangomutchula kuti a Zingwe, chifukwa kulikonse ankayenda ndi mtolo wa mawaya paphewa. Anali wosalankhulalankhula, ndipo zimenezi zinkamusowetsa mtendere Mayi Telala. Iye ankati munthu wachete amamva zambiri.

"Asisi, mungopita nawo kusitoloko," anatero mng'ono wakeyo. "Sakulumani."

"Woluma salengeza," anayankha Mayi Telala. Komabe anapita.

Mu sitolo ya zamagetsi maso ake anagwera pa laputopu yopyapyala, yonyezimira ngati mbale yatsopano. A Zingwe anaitembenuza, anawerenga kapepala kamene kanamatidwa pansi, kenako anapukusa mutu.

"Alamu, iyi ndi yolembera makalata. Ramu yake ndi yochepa."

"Ramu ndiye chiyaninso?"

"Ili ngati tebulo lanu lodulirapo nsalu. Likachepa simungayale nsalu zambiri nthawi imodzi. Mukadzaika ng'oma, besi, kiyibodi ndi mawu anu, iyi idzayamba kutsamwa, nyimbo izidzadukaduka." Analoza ina yakuda, yokhuthala, yokalika pang'ono m'mbali. "Iyi siyokongola, koma malo ili nawo. Fani yakenso siliza phokoso loti n'kulowa mu maikolofoni."

Wogulitsa, bambo wa dazi, anavomereza ndi mutu. Mayi Telala anakumbukira kuti polowa muja awiriwa anapatsana moni wa anthu odziwana kalekale. Ananena kuti wasiya simbi ikuyaka ku shopu, n'kutuluka mofulumira. Atangokhota pakona, analowa m'masitolo ena awiri ali yekha, n'kufunsa ngati munthu wosadziwa kanthu. Konse anamuuza zofanana, kuti yopangira nyimbo imafuna ramu yokwanira. Munthu wina mtima ukanakhala pansi. Iye anangoti chamumtima, "Onsewa ndi amodzi." Pomaliza anagula yakuda yomweyo, koma kusitolo imene anatsimikiza kuti a Zingwe sawadziwa.

Kugonja kumeneku kunamuwawa usiku wonse. Mawa lake, atabwerera ndi mlamu wakeyo kwa bambo wa dazi uja kukasankha zotsala, anali atakonzeka kuonetsa kuti iye si mbuzi yokokedwa ndi chingwe. Pa maikolofoni sanatsutse. Pa kabokosi kolumikizira maikolofoniyo ku laputopu sanatsutsenso, ngakhale pa kiyibodi yaing'ono yotha kukwana m'chikwama. Nkhani inadzavuta pa mahedifoni.

Wogulitsa anamuyesetsa awiri. Oyamba anali ofiira, akuluakulu, ofewa m'makutu. Atangowavala, ng'oma zinagunda mpaka m'chifuwa, ndipo anamwetulira osadziwa kuti akumwetulira. Achiwiri anali otuwa, opepuka. Nyimbo yomweyo inamveka youma, ngati ndiwo zopanda mchere.

"Tengani otuwawo," anatero a Zingwe.

"Oipawa?"

"Sakuipa, akungonena zimene zilipo. Ofiirawo amathira besi yawoyawo. Ndi abwino pomvera nyimbo za ena. Koma inu mukamadzakonza yanu, muzidzamva besi yambiri imene mu nyimbomo mulibe, ndiye muzidzaichepetsa mpaka idzatheratu. Tepi yoyezera ikamanamiza kasitomala kuti wachepa m'chiuno, diresi silingamukwane."

"Dzulo tebulo, lero tepi. Mwayamba liti utelala, alamu?"

A Zingwe anaseka pang'ono, osakwiya. "Chinanso, mukadzamaliza mudzabwere nayo kwathu. Tidzaimvere pa masipika anga, pa foni, ngakhale m'galimoto. Nyimbo sayesera pamalo amodzi."

Apa m'pamene pagona nkhani, Mayi Telala anaganiza motero. Amupatse mahedifoni ouma kuti nyimbo izimuipira, ataye mtima, kenako ainyamule yekha kukaitula m'manja mwa munthu wodziwana ndi oyimba a m'tauni yonse.

"Nyimbo yanga mudzaimvera limodzi ndi anthu ena onse," anatero. Anatembenukira kwa wogulitsa. "Ndikulungireni ofiirawo."

Masana alionse makasitomala akachepa, ankatseka chitseko, kukoka katani, n'kuika laputopu pa tebulo lodulirapo nsalu. Kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu yopangira nyimbo anakaphunzira poonera mavidiyo pa foni, ndipo mutu anali nawo. Laputopu yakuda ija sinatsamwe ngakhale kamodzi, koma iye sanafune kuganizira za amene anailoza. Besi ikamakwirira mawu ake, ankaitsitsa. Mawa lake ankaitsitsanso. Tizitsulo tolira pamwamba pa ng'oma tinkamveka patali, ndiye ankatikweza. Pofika mwezi wachiwiri, nyimbo inkakoma m'mahedifoni ofiira aja mpaka tsitsi kunyamuka.

Tsiku lina mng'ono wake anagogoda, atanyamula siketi yofuna kuika zipi.

"Asisi, timveko pang'ono chabe."

"Akutumani?"

"Ndani?"

"Mukuwadziwa."

Mng'onoyo anaika siketi pa makina n'kutuluka osatsanzika. Patapita masiku awiri, a Zingwe anatumiza uthenga pa foni: "Alamu, ngati simukufuna kuti ine ndimve, palibe kanthu. Koma imvereni nokha pa kawailesi ka mu shopu, mutatseka chitseko." Mayi Telala anauwerenga kawiri. Anayang'ana khoma la matabwa limene linkalekanitsa shopu yake ndi ya wokonza mafoni, amene nthawi zina ankagula mawaya kwa a Zingwe. Anafufuta uthengawo n'kuvalanso mahedifoni ake.

Loweruka lomvetsera nyimbo linafika. Dzuwa linali litangopendeka, ndipo mu holo munadzaza anthu atagwira mafulashi a nyimbo zawo ngati odwala pa mzere wa kuchipatala. Mkulu wa pa wailesi anakhala kutsogolo ndi kope ndi botolo la madzi. Amene anapatsidwa ntchito yoyendetsa zokuzira mawu tsiku limenelo anali a Zingwe. Mayi Telala atawaona pa tebulo la mabatani, anafumbata fulashi yake. Nthawi yake itakwana, anakana kupereka fulashi. Anailowetsa yekha, n'kuima pambali pawo, maso ali pa zala zawo.

Nyimbo khumi ndi zitatu zimene zinatsogola, zabwino ndi zoipa zomwe, zinali zitagwedeza mawindo. Yake itayamba, iye mwini sanaizindikire. Tizitsulo tija tinkalira ngati masipuni m'chitini. Ng'oma zinkamveka ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba ya kutsidya. Besi munalibe, ndipo mawu ake anatsala okha pamtetete, akuthwa, olasa m'makutu. Mayi wina wa pampando wakutsogolo anatseka khutu ndi chala.

"Besi yatsala kunyumba ikuchapa?" anafunsa wina kumbuyo, anthu n'kuseka.

Mphindi imodzi isanathe, mkulu uja anakweza dzanja. "Mayi, mawu muli nawo, ndipo nyimboyi ikuoneka kuti ili ndi mutu. Koma momwe ililimu sitingaiike pa wailesi. Tidzaonane chaka chamawa. Wotsatira."

Mayi Telala anawerama n'kunong'oneza mano ali gwa. "Mwapotoza chiyani?"

A Zingwe anachotsa manja pa tebulo n'kuwaika kumbuyo. "Sindinakhudze kanthu, alamu. Munali pompano."

Manja awo akadali kumbuyo komweko, nyimbo ya wotsatira inayamba, ndipo besi yake inanjenjemeretsa mipando. Mayi Telala anaona ndi maso ake, koma mtima unakanabe. Anazula fulashi yake n'kutuluka, akudziuza kuti anthu a mawaya ali ndi njira zawo zimene munthu wamba sangazione.

Panja anaimitsa takisi. Woyendetsa anali bambo wachikulire wa chipewa, amene sanamuonepo chibadwire. Atayenda kamtunda, mayiyo anayang'ana fulashi imene inali itanyowa ndi thukuta m'dzanja lake. Uyu sankadziwana ndi a Zingwe, ndipo masipika ake palibe amene akanawapotoza.

"Bambo, wailesi yanuyi imawerenga fulashi?"

"Imawerenga, mayi. Masipika ndaika atsopano sabata yatha. Mumva nokha."

Masipuni aja anayambanso kulira m'chitini. Woyendetsa anakweza batani la besi mpaka kumapeto, koma panalibe choti likweze. Anamvetsera ndithu mpaka nyimbo inatha, akugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Woyimbayu akutha," anatero. "Koma amene anamukonzera nyimboyi amulakwira kwambiri. Akanakhala mbale wanga ndikanamuperekeza kukadandaula."

"Ndinakonza ndekha. Woyimbayo ndine."

Woyendetsa anakonza chipewa chake chimene sichinapendeke n'komwe, n'kutsokomola.

"Pepani, mayi, pakamwa panga pamathamanga. Koma kunalibe munthu woti akuuzeni isanafike kwa anthu?"

Mayi Telala anayang'ana panja, pamene amayi ogulitsa nthochi ankasonkhanitsa madengu awo.

"Analipo," anayankha. "Anandiuza ndisanagule n'komwe zida."

Atafika pamphambano, anauza woyendetsa kuti asakhotere ku shopu, apitirire kumtunda kumene kunkakhala mng'ono wake. Anatsika pa geti, n'kupeza mng'onoyo akuanula zovala pa chingwe. Sanadziwe poyambira. Anangonyamula beseni n'kuyamba kumuthandiza kupinda, mpaka mng'onoyo anafunsa yekha, osamuyang'ana, ngati adikira alamu akewo kuti aweruke.

"Ndidikira," anatero Mayi Telala.

Chaka chathunthu chinali chitamupulumuka m'manja. Munthu amene anamulakwira kale anali wina, koma amene iye anamutsekera chitseko ndi yemwe ankamuchenjeza. Zokoma m'makutu n'zimene zinamunamiza, pomwe mawu owawa a mlamu wake anali oona kuyambira tsiku loyamba. Akuluakulu sananame ponena kuti wakutsina khutu ndi mnansi.